MYC wokana kusungunuka: zolemba za pa benchi, Okutobala mpaka Disembala

Sabata yoyamba ya Okutobala

Abwana andiuza kuti kupatula kabuku ka mu labotale, ndizilembanso m'Chichewa momwe ntchitoyi ikuyendera, kuti anzathu a ku wodi ndi ophunzira obwera pambuyo pathu azitha kutsatira. Cholinga cha miyezi itatu ino ndi chimodzi basi: tipange tokha kuno ku Blantyre puloteni ya munthu yotchedwa MYC, yokwanira kugwirira ntchito, tisiye kuitanitsa kunja.

Chatiputa ndi kabokosi kamene kanafika sabata yatha. Tinaitanitsa kachubu kamodzi, kamene mukanakaona mukanati mulibe kanthu, koma mtengo wake ungalipire lendi ya nyumba ku Chilomoni miyezi ingapo. Zoterezi zimayenda mu ayisi wouma, amene amazizira mpaka madigiri 78 pansi pa ziro. Ayisi ameneyu sasungunuka n'kusanduka madzi ayi, amangouluka ngati utsi. Bokosilo linagona panjira masiku ochuluka, ndipo nditalitsegula ndinapeza louma bwinobwino, lofunda ngati buledi wa m'mawa. Abwana anangoti, "Achimwene, kumeneku ndi kachitatu. Tiyeni tiphike yathu."

Kwa amene sakuidziwa, MYC ndi imodzi mwa mapuloteni otchedwa transcription factor. Ntchito yawo ndi kukhala pa DNA n'kulamula kuti jini yakuti iwerengedwe, yakuti ikhale chete (jini ndi kachigawo ka DNA kokhala ndi malangizo opangira puloteni). Ine MYC ndimamuona ngati woitanira pa depoti ya Limbe. Sayendetsa minibasi, koma akakuwa anthu amadzaza, injini n'kulira. Selo ikamumva imayamba kudya shuga wambiri, kumanga mapuloteni, kukula, kenako kugawikana pawiri. Maselo oteteza thupi amamufuna kwambiri: maselo a B ndi a T akakumana ndi kachilombo, amakweza MYC kuti achulukane msanga. Koma woitanira wabwino amasiya kukuwa galimoto ikadzaza, ndipo m'selo yabwinobwino MYC sachedwa, pakangotha mphindi 20 kapena 30 theka lake limakhala litaphwanyidwa kale. Khansa imabwera pamene kukuwako sikukutha.

Sabata yachiwiri

Pulasimidi, kamphete ka DNA konyamula jini yoti tilowetse m'mabakiteriya, yafika bwino. DNA siivuta ulendo, imabwera itaumitsidwa pakapepala, mu envulopu wamba. Muli jini ya MYC ya munthu, ma amino acid (timagawo timene timalumikizana kupanga puloteni) onse 439, ndipo kutsogolo kwake analumikizako ma amino acid asanu ndi limodzi otchedwa histidine. Amenewa ndi chogwirira: amamatirira pa nickel, ndiye tikadzathira zonse za m'mabakiteriya pa kolamu ya nickel, kachubu kodzaza timikanda tokhala ndi chitsulo chimenechi, zina zidzadutsa, yathu idzatsala.

Lolemba ndinailowetsa mu bakiteriya wotchedwa E. coli, wa mtundu wa BL21(DE3). Machubu pa ayisi theka la ola, kenako m'madzi a madigiri 42 kwa masekondi 45, kubwezanso pa ayisi. Lachiwiri m'mawa mbale inali ndi timadontho toyera tosawerengeka. Lachitatu ndinabzala kadontho kamodzi mu fulasiki, n'kudikira mpaka msuzi utachita mbuu, makina oyeza kuchuluka kwa mabakiteriya akuwerenga 0.6, ndiye ndinathira IPTG, mankhwala amene amauza bakiteriya kuti asiye zake ayambe kupanga zathu.

Jelo ya Lachinayi inandisowetsa mtendere. Jelo imasiyanitsa mapuloteni potengera kulemera: opepuka amathamangira pansi, olemera amatsalira m'mwamba, iliyonse n'kuoneka ngati mzere. Powerengera kulemera kwa ma amino acid, MYC amayenera kukhala pafupi ndi 49 kDa (kDa ndi muyeso wa kulemera kwa mapuloteni). Mzere wanga wonenepa unali pamwamba pa 60. Ndinakhala ola lathunthu ndikuganiza kuti ndasokoneza machubu, mpaka achemwali a pa benchi yoyandikana atabwera n'kuseka. "Simunawerenge? Ameneyo amayenda choncho, amachedwa pa jelo." Zoonadi, n'zodziwika kuyambira kale. Ndalemba apa kuti wobwera pambuyo panga asadzataye ola lake.

Koma vuto lenileni ndi lina. Nditaswa mabakiteriya n'kuwazunguza mu sentirifuji, puloteni yonse yapita pansi, m'matope oyera aja. Madzi apamwamba, amene timafuna, mulibe kanthu. Bakiteriya akapanikizidwa kupanga puloteni yachilendo mochuluka, amaiunjika m'timibulu tolimba, tosagwira ntchito.

Sabata yachitatu ndi yachinayi

Ndayesa zonse zimene aliyense amayesa. Ndachepetsa IPTG kakhumi. Ndatsitsa kutentha kufika madigiri 18 kuti mabakiteriya azigwira ntchito modekha usiku wonse. Apa mpamene Okutobala wandionetsa zakuda. Masana phiri la Ndirande silikuoneka bwino ndi utsi ndi fumbi, ndipo makina ogwedeza mafulasiki akulira ngati akukwera mtunda pofuna kuziziritsa. Usiku wa Lachiwiri magetsi anathima. Jenereta imayamba yasamala mafiriji, ndipo n'zoyenera, chifukwa muli magazi a anthu amene sangatengedwenso. Makina anga sali pa mzere umenewo. M'mawa ndinapeza fulasiki itaima duu, yofunda, ikununkha ngati thobwa logonetsa.

Ndinabwereza Lachinayi, magetsi osathima. Zotsatira chimodzimodzi: zonse pansi.

Ndiye ndasiya kunamizira magetsi. Vuto ndi khalidwe la MYC mwini wake. Mapuloteni ambiri akangopangidwa amapindika n'kutenga maonekedwe awo, ngati mpeni kapena loko. MYC akakhala yekha alibe maonekedwe, amangokhala lende ngati luzi losapota. Mbali yake yakumapeto, imene imagwira DNA, imaumbika pokhapokha ikakumana ndi mnzake wotchedwa MAX, amene Blackwood ndi Eisenman anamupeza mu 1991. Awiriwa amapotana ngati chingwe cha nkhosi ziwiri, kunsi n'kutsala timiyendo tiwiri timene timakhala pa DNA ngati mbaniro. N'chifukwa chakenso akatswiri a mankhwala akhala zaka zambiri akumulephera: mankhwala ambiri amafuna kabowo kolowamo pa puloteni, ndipo chinthu chopanda maonekedwe chilibe kabowo.

Mayi amene amatitsukira magalasi anandipeza nditagwira tsaya n'kufunsa chimene chavuta. Nditawafotokozera mwachidule anati, "Ndiye mwanawe ukulimbana ndi mbeta? Mupezere banja." N'zimene abwana ananenanso mawa lake, kungoti iwo ananena ndi zithunzi pa bolodi.

Sabata yoyamba ya Novembala

Sindinagwire pipeti masiku awiri. Tikudikira mapulasimidi atsopano, ndiye abwana anandituma kuti ndikaperekeze dokotala mnzawo ku wodi ya ana a khansa ku Queens, kumene akuluakulu amati ku Gulupu. Chikhalireni ndimangoona chipatalachi kuchokera pa Ginnery Corner.

Za ana amene ndinawaona sindilemba. Ndingonena kuti khansa ya Burkitt lymphoma, imene m'mabuku mwanga ndi zilembo ndi manambala, kumeneko ndi mwana wa zaka zisanu kapena zisanu ndi ziwiri, tsaya litatupa mbali imodzi, mano akugwedera, kapena mimba itakula. Mayi ake amauza namwino kuti, "Asisitala, mwezi wathawu analibe chilichonse." Sakunama. Chotupachi ndi chimodzi mwa zokula msanga kwambiri mwa munthu, maselo ake amatha kuwirikiza patsiku limodzi kapena awiri. Kufulumira komweko n'kumene kumachititsa kuti chimve mankhwala ngati cyclophosphamide, moti nthawi zina chimaphwa m'masiku ochepa, ngati mwanayo wafika msanga.

Mbiri yake ndi ya kuno kwathu. Denis Burkitt, dokotala wa opaleshoni ku Kampala, anachifotokoza mu 1958. Mu 1961 anayenda pagalimoto ndi anzake awiri m'zipatala za kum'mawa ndi kum'mwera kwa Africa, kufunsa kumene chotupachi chimapezeka, ndipo chinaoneka kuti chimatsata malo otentha ndi a mvula, osati a m'mapiri ozizira. Ndiko kuti malo a malungo. Mu 1964 Epstein, Achong ndi Barr anapeza kachilombo m'maselo a chotupachi, kamene lero timati EBV. Mu 1982 mpamene zinadziwika kuti jini ya MYC ili pa chromosome 8, umodzi mwa mitolo ya DNA ya m'selo, pamalo enieni pamene pamaduka m'matendawa. Mwa odwala pafupifupi asanu ndi atatu pa khumi alionse, chidutswacho chimakalumikizika ku chromosome 14, pafupi ndi jini imene selo ya B imapangira ma antibody, mapuloteni ogwira tizilombo tolowa m'thupi. Kwa otsalawo chimakhudza chromosome 2 kapena 22, kumene kulinso majini a ma antibody.

Taganizani. Selo ya B ntchito yake yonse ndi kupanga ma antibody, ndiye jini imeneyo imakhala yotsegula usana ndi usiku. MYC akasamukira pamenepo, zili ngati woitanira uja wapatsidwa chimkuzamawu chosathima. Malungo obwerezabwereza amatakasa maselo a B kosalekeza, ndipo maselo amenewa pokonza ma antibody awo amadula DNA yawo mwadala ndi enzyme yotchedwa AID. Kudula kukachuluka, mpata wolumikiza molakwika umakula. Selo yolakwika chonchi imayenera kudzipha, koma EBV amaithandiza kupulumuka. Ambiri a ife tili naye EBV kuyambira tili ana ndipo malungo tadwalapo kangapo, koma amene zonsezi zimakumana mwa iye ndi mmodzimmodzi.

Pobwerera ndinagula mango pamsewu, sindinawadye.

Sabata yachiwiri ndi yachitatu ya Novembala

Dongosolo lasintha. MYC wathunthu tamusiya. Tatenga chidutswa chakumapeto chokha, ma amino acid pafupifupi 90, chimene chimapotana ndi MAX n'kugwira DNA. MAX tikumupanga wathunthu, wa ma amino acid 160, m'fulasiki yakeyake. Ndinatsutsa pang'ono pamsonkhano, chifukwa mbali imene tataya ndi imene imaitana mapuloteni ena kuti jini iwerengedwe, ndiponso ndi imene ili ndi amino acid yotchedwa threonine 58, malo amene amasintha kawirikawiri mu Burkitt n'kuchititsa kuti MYC asaphwanyidwe msanga. Abwana anavomera kuti tikutaya zambiri, koma anandifunsa funso limene tikufuna kuyankha chaka chino. Funso lake n'lakuti, kodi chinthu chakuti chingalekanitse MYC ndi MAX, kapena kuwachotsa pa DNA? Pa limenelo chidutswacho n'chokwanira. Ndinagonja, ngakhale mumtima ndikanali nazo.

MAX ndi mwana womvera. Tsiku loyamba lomwe anatuluka m'madzi apamwamba, wambiri, woyera. Chidutswa cha MYC chapitabe pansi mbali yaikulu, koma tsopano sitikulimbana nacho. Matope aja tikuwasungunula mu urea wochuluka kwambiri, wa 8 M, inde urea yemweyo wa feteleza, kungoti woyengedwa bwino. Urea amamasula puloteni yonse n'kukhala luzi, ndipo ma histidine aja amagwirabe nickel ngakhale zili choncho.

Apa ndinalakwitsa ndekha, ndipo ndilemba momwe zinalili. Kolamu ya nickel imakhala yobiriwira mopita ku buluu, yokongola ndithu. Lachitatu ndinathira buffer yanga, madzi a mchere amene puloteni imakhalamo, ndipo ndikuyang'ana, mtundu uja unayamba kusintha kuchokera pamwamba kutsika pansi, mpaka kolamu yonse inakhala yofiirira ngati tiyi wopanda mkaka. Ndinali nditatenga botolo la buffer ina, yokhala ndi mankhwala ambiri otchedwa DTT, ndipo DTT amawononga nickel. Mabotolo awiriwo ndi ofanana, tepi yake ndi yofanana, zolembapo ndi dzanja langa lomwe. Tsiku lonse linathera kuchotsa nickel wakufayo ndi EDTA n'kuikamo watsopano. Panopa botolo lililonse la DTT lili ndi tepi yofiira kuzungulira pakhosi.

Lachisanu zinayenda. Imidazole ndi mankhwala amene amachotsa puloteni pa nickel. Kutsuka ndi imidazole wa 20 mM, kutulutsa ndi wa 250 mM, pa jelo mzere umodzi waukulu ndi tiwiri tofooka pamwamba. Ndinasakaniza MYC ndi MAX onse ali mu urea, MYC wochulukirapo pang'ono, n'kuwathira m'kathumba ka dialysis, kooneka ngati thumbo la nkhuku lotsukidwa bwino. Kathumbako kamayandama mu bikala yaikulu m'chipinda chozizira, ndipo urea amatuluka pang'onopang'ono: 4 M, 2 M, 1 M, kenako wopanda. Ukafulumira, zonse zimachita mbuu n'kugwa pansi. Ndinabwera Loweruka ndi Lamulungu kudzasintha madzi, Lamulungulo nditavala zakutchalitchi mkati mwa gawuni. Lolemba kathumbako kanali koyera mbee, timibulu tochepa chabe pansi.

Sabata yomaliza ya Novembala

Madzi oyera si umboni. Puloteni ikhoza kusungunuka koma ili yakufa. Umboni ndi wakuti igwire DNA pamalo ake, ndipo malo ake ndi zilembo zisanu ndi chimodzi, CACGTG, zotchedwa E-box.

Kuyesa kwake n'kosavuta kumva. Timatenga kachidutswa ka DNA kokhala ndi zilembo zimenezi, koikidwa chizindikiro chowala, n'kukayendetsa pa jelo ndi magetsi. Kakakhala kokha kamathamanga n'kukafika pansi. Puloteni ikakakwera, kamalemedwa n'kutsalira m'mwamba. Jelo imeneyi siifuna kutentha, ndiye thanki yonse ndinaikwirira mu beseni la ayisi, beseni lomwelija la pulasitiki la mumsika.

Msampha uli pa MAX. Iye amatha kupotana ndi MAX mnzake, ndipo awiriwo amagwiranso CACGTG. Munthu akhoza kuona mzere watsalira m'mwamba n'kuyamba kuvina, chonsecho MYC mulibemo. Apa kudula MYC kwatithandiza mosayembekezera: popeza chidutswa chathu n'chachifupi kuposa MAX, banja la MYC ndi MAX n'lopepuka kuposa la MAX awiri, ndiye mizere yawo siikhala pamalo amodzi.

Mvula yoyamba yeniyeni inagwa Lachinayi masana, fungo la dothi kulowa mpaka m'kanjira ka labotale, ndipo chithunzi chinatuluka pa kompyuta nthawi yomweyo. DNA yokha: pansi. MYC yekha ndi DNA: pansi, sanagwire kanthu, monga zimayenera. MAX yekha: mzere m'mwamba. Zosakaniza zathu: mzere watsopano wowala, m'munsi pang'ono mwa wa MAX, wa MAX uja utatsala mbuu. Nditasintha zilembo ziwiri zapakati pa E-box, mzerewo sunaoneke. Nditathira DNA yofanana koma yosawala, yochuluka kwambiri, mzere unazilala chifukwa puloteni inathamangira kumeneko.

Ndinaitana achemwali aja kuti aone ndisanauze abwana, kuopa kuti mwina maso anga akuona zimene mtima ukufuna. Anayang'ana nthawi yaitali, n'kufunsa kuti, "Mwabwereza kangati?" Ndinati kamodzi. "Ndiye mulibe kanthu, achimwene." Ndabwereza kawiri ndi puloteni yophika payokha, ndipo zatuluka chimodzimodzi.

Sabata yoyamba ndi yachiwiri ya Disembala

Kuchokera mu lita imodzi ya mabakiteriya tapeza mamiligalamu angapo, kuposa kutalitali zimene zinali m'kachubu kofunda kaja. Ndagawa m'timachubu ting'onoting'ono, kalikonse kogwiritsa kamodzi, ndi glycerol wa 10 peresenti, n'kusunga mufiriji ya madigiri 80 pansi pa ziro. Theka laikidwa mufiriji ina m'nyumba ina, chifukwa taphunzira.

Zinthu ziwiri zimene anthu afunsa kale, ndiyankhe pano.

Ophunzira wina wa gulu la chitetezo cha m'thupi anabwera kudzapempha kuti athire puloteni yathu pa maselo ake a B aone ngati achulukana. Ndamukaniza. Choyamba, MYC amagwira ntchito mkati mwenimweni mwa selo, ndipo mbali yoitana ija chidutswa chathu chilibe. Chachiwiri, chilichonse chochokera mu E. coli chimabwera ndi zinyenyeswa za khungu la bakiteriya, zotchedwa endotoxin, ndipo maselo a chitetezo, makamaka ma monocyte, akazinunkhiza amadzuka okha. Akanaona maselo ake atatakasika, akanalemba kuti ndi MYC, chonsecho ndi litsiro. Sitinayeze endotoxin, ndipo mpaka titayeza, puloteniyi ndi ya m'chubu basi.

Funso lina ndi la ma antibody ozindikirira MYC. Ndinayesa awiri amene tili nawo. Wotchedwa 9E10 waona chidutswa chathu bwinobwino, chifukwa amagwira pa ma amino acid 410 mpaka 419, amene ali mkati mwake. Winayo, Y69, amene amagwiritsidwa ntchito kwambiri poyeza zotupa, amagwira chakumayambiriro kwa puloteni, kumene ife tinadula, ndiye sakuona kanthu. Wina asadzaganize kuti antibody wawonongeka n'kumutaya.

Chotsatira mu Januwale ndi 10058-F4, kamankhwala kodziwika m'malabotale kamene kamagwira MYC asanapotane ndi MAX. N'kofooka, kamafuna kuthira kambiri, ndipo sikanafikepo pokhala mankhwala a odwala, koma katithandiza kudziwa ngati jelo yathu imatha kuona banjali likutha. Kayenera kukumana ndi MYC choyamba, MAX asanabwere, ndiye ndasunga MYC wina payekha mu urea. Abwana akufunanso kuti tidzapange Omomyc, puloteni imene Laura Soucek ndi anzake anaifotokoza mu 1998. Kwenikweni ndi chidutswa chonga chathuchi, atachisintha ma amino acid anayi okha kuti chizipotana ndi chinzake komanso ndi MAX, n'kukhala pa E-box popanda kuitana aliyense. Ku Barcelona anayamba kuchiyesa mwa anthu mu 2021. Ife sitikupanga mankhwala, tikungofuna chinthu champhamvu choyerekezera nacho.

Maselo a Raji ndi Daudi ali mu nayitirojeni, tiwadzutsa tikabwera kutchuthi kuti tiyerekeze MYC wawo ndi wathu pa jelo imodzi. Raji anachokera kwa mnyamata wa ku Nigeria mu 1963, Daudi kwa wa ku Kenya mu 1967, onse odwala Burkitt, ndipo maselo awo akugawikanabe m'malabotale a dziko lonse.

Pa tchuthi, ine ndi achemwali tagawana masiku oyendera mafiriji. Nayitirojeni athiridwe Lachisanu lisanafike Khirisimasi. Timachubu tili mu shelefu yachiwiri, bokosi la tepi yachikasu, tonse 46. Wotenga alembe dzina papepala lili pachitseko, ndipo kachubu kakasungunuka kasabwererenso mufiriji.